Mbuzi ya Mayi wa ku Ulaya

Mlonyeni, 2 Julaye 2024

Wokondedwa mphwanga Pemphero,

Ndikhulupirira uli bwino ku Lilongweko. Kuno tadzuka, kupatula mwendo wa mayi ako umene ukuvuta ndi chisanuchi. Chimanga tinatuta, ndipo fodya wotsala tikumanga mabelo omaliza.

Ndalemba kalata chifukwa nkhani ya ukwati siyenda pa foni. Pa foni munthu amavomera lero, mawa n'kunena kuti mawu amadukaduka. Kalatayi ndapatsira Kefasi wa minibasi, ndipo yankho lako umupatse yemweyo pa depoti.

Akwawo kwa Ivy ku Kamwendo atilola kuti tikaonekere Loweruka pa 27 mwezi uno. Nkhoswe yako ndine, ndipo pakamwa pokalankhula kumeneko ndi panga. Akandifunsa ntchito yako ndidzati umakonza makompyuta pa ofesi ina m'tauni. Zimenezo ndikuzidziwa. Koma miyezi inayi tsopano sunaponde kuno. Pa maliro a mbale wathu Lameki sunaoneke. Mlongo wako Filomena akuti Loweruka lililonse umadzitsekera m'nyumba, ati uli pa ntchito ina. Ofesi yako sitsegula Loweruka.

Ntchito inayo ndi yanji, ndipo bwana wake ndani? Sindikakhala pamphasa ya eni ake ndi nkhani imene sindikuidziwa mutu wake. Ulembe zomveka.

Ine malume ako,
Zakeyu

Lilongwe, 6 Julaye 2024

Okondedwa malume,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndili bwino. Mayi muwauze kuti mankhwala opaka ndawapatsira Kefasi pamodzi ndi kalatayi. Za maliro a Lameki ndinalakwa, ndilibe chonena.

Yankho ili ndalilemba katatu, ndipo sindikudziwa ngati lachitatuli likuposa loyamba.

Anthu olemba mapulogalamu a kompyuta amadalira pulogalamu ina yaikulu yotchedwa kompaila. Iyo imatenga zimene munthu walemba n'kuzisandutsa kukhala zimene makina amamva. Poituma umalemba lamulo pa mzere umodzi, n'kuwonjezerapo timawu toiuza mmene igwirire ntchitoyo: ifulumire, ichenjeze, isunge pakutipakuti. Timawu timeneti tilipo mazana ambiri, ndipo munthu amalakwitsa. Ukalakwitsa, kompaila imangoti sikukadziwa kamawuko, n'kuima. Sinena kuti kanachotsedwa chaka chatha, kapena kuti kamafuna nambala patsogolo pake, kapena kuti n'ka makina a mtundu wina. Ine ndikuyesa kuikonza kuti izinena zimenezi.

Bwana palibe. Kompaila imeneyi si ya kampani. Imakonzedwa ndi anthu odzipereka a m'mayiko ambiri. Munthu akakonza kanthu amatumiza, ndipo oyang'anira amaona ngati n'koyenera kulowa. Gawo langa amayang'anira ndi mayi wina wa ku Ulaya. Malipiro palibe.

Ndikuona kuti pa pepala zikuoneka ngati ntchito yaing'ono yoti munthu n'kuitayira miyezi inayi. Mwina ndi yaing'onodi. Ku Kamwendo mungonena za ku ofesi, zinazi sizikufunika.

Ine mphwanu,
Pemphero

Mchinji Boma, 10 Julaye 2024

Pemphero iwe,

Moni wa pano tili bwino, ana ali bwino. Foni yako ndaimba kanayi, iwe kumangolemba kuti uli bwino. Ndiye nanenso ndatenga cholembera.

Kalata yako yayatsa moto. Malume anaiwerenga kawiri, n'kuima pa mawu awiri: pamene unati malipiro palibe, ndi pamene unati zinazi asakanene. Lolemba anapalasa njinga mpaka kuno, ananditenga, tinakwera limodzi kupita ku boda kwa alamu ako a Vitus. Ukuwadziwa alamu ako. Chifukwa choti tsiku lonse amaombolera anthu katundu pa kompyuta, amadziona ngati anaibereka ndi iwo. Analemba dzina lako lonse pa Intaneti, ndipo unatuluka.

Mlongo wanga, mapepala 23. Anasindikiza onse. Dzina lako pamwamba, la mayi uja pansi, dzina loti lilime langa lakanika. A Vitus ankamasulira, malume atagwira chipewa pa bondo. "Izi sizili bwino." "Bwereza." "Sindingalandire." Kasanu ndi kamodzi, kuyambira mwezi wa Marichi. Ndiponso si kuseri ayi, ndi poyera, anthu ena akuwerenga n'kumathirirapo ndemanga ngati pa bwalo la milandu. Iwe pansi pake kumangoti zikomo, ndikonza.

A Vitus akuti unawaonongera makina, ndiye ukugwira ntchito yobweza. Dalaivala wina wa thiraki amene amadikira mapepala ake analowerera, ati anthu oterewa ndi aja amaba m'mafoni a anthu, ndipo ukalowa gulu lawo sutuluka. Malume anamuuza kuti asamale za thiraki yake. Kenako anatembenukira kwa ife, n'kunena kuti:

"Munthu wogwira ntchito osalipidwa ndamuonapo wa mitundu itatu: mkaidi, mkamwini, ndi amene analakwira munthu. Mwanayu sali kundende. Sanakwatire. Tsono?"

Ine ndinayesa kunena kuti ngakhale kutchalitchi timasesa osalipidwa, iwo anati kutchalitchi sakubweza kasanu ndi kamodzi kuti ukasesenso.

Mawu awo ndi awa: munthu wa mlandu safunsira mbeta. Ku Kamwendo sapita mpaka nkhaniyi itatha. Ivy ndinakumana naye pamsika dzulo. Nkhani yamupeza kale, ukudziwa pa boda palibe chinsinsi. Sanalankhule zambiri. Anangofunsa kuti mayi amene umamulembera Loweruka lililonse ndi ndani.

Unachita chiyani, Pemphero? Undiuze ine, ndine mlongo wako. Ngati n'zoipa tiona pogwira.

Ine,
Filomena

Lilongwe, 12 Julaye 2024

Achemwali,

Kalata yanu ndaiwerenga pa depoti pomwepo, ndili chiimire. Ndinayamba ndaseka, kenako kuseka kunatha.

Palibe mlandu. Sindinaononge kanthu, sindinabe kanthu. Zimene alamu apeza ndi mmene ntchitoyi imayendera kwa wina aliyense. Munthu amatumiza zimene wakonza, woyang'anira amaloza polakwika, munthu amakonza n'kutumizanso. Mayiwo nawonso akatumiza zawo, anzawo amawabweza chimodzimodzi. Zimalembedwa poyera dala, kuti wobwera m'mbuyo aone pamene anzake anapunthwa.

Chifukwa chimene ndinayambira sindinauzepo munthu. Chaka chachitatu ku yunivesite ndinataya masiku awiri athunthu pa ntchito ina ya m'kalasi. Kompaila inkangoti sikudziwa kamawu kena kamene ndinakopera m'buku la mulaibulale. Ndinafufuza ponseponse, osapeza cholakwika. Ndinatsimikiza kuti wopusa ndine, kuti ana a kumudzi zinthu izi si zathu. Patapita nthawi ndinamva kuti kamawuko kanachotsedwa kalekale, bukulo linali lakale. Makinawo ankadziwa zimenezi. Akanangonena mzere umodzi. Mnzanga wina wa ku Kapiri, wanzeru kundiposa, anasiya phunzirolo chaka chomwecho.

Pamene tikusiyana ndi mayiwo tsopano ndi apa. Munthu akalemba kamawu kosadziwika, ine ndimafuna kuti kompaila izimupatsa ganizo nthawi zonse, kuti mwina amafuna kakuti. Iwo akuti ikakhala kuti siikutsimikiza, isamalote. Ati kulozera munthu njira yolakwika molimba mtima n'koipa kuposa kumuuza kuti sukudziwa. Akunena zoona, ndipo n'chimene chikundiwawa.

Chimene ndabisa ndi ichi, achemwali. Ndinakonza kale, zoti nditumize kachisanu ndi chiwiri zili pa kompyuta milungu itatu tsopano. Sindinatumize. Makalata a gululo sindikutsegulanso. Ndikafika poti nditumize ndimaganiza kuti mwina anthu aja amangondipirira mwaulemu, akudikira kuti ndidzitope ndekha. Kumudzi sindinabwere chifukwa ndimaopa funso loti zikuyenda bwanji. Ndi chifukwa chochepa, ndikudziwa, koma china ndilibe.

Ivy mumuuze kuti mayiwo sindinawaonepo nkhope, ngakhale zaka zawo sindizidziwa. Ndimulembera ndekha, koma pa foni mawu amandithawa, mukundidziwa.

Chonde malume muwawerengere kalatayi pang'onopang'ono. Asachite kanthu asanaimve.

Ine mlongo wanu,
Pemphero

Mlonyeni, 15 Julaye 2024

Kwa Mayi woyang'anira kompaila, ku Ulaya

Mayi,

Ndikupatsani moni, inu ndi a pabanja panu. Simundidziwa. Ine ndine Zakeyu, mlimi wa ku Mlonyeni m'boma la Mchinji, ndipo Pemphero amene mwakhala mukumudzudzula ndi mwana wa mlongo wanga.

Kwathu kuno mwana akalakwa, wogwada ndi wamkulu wake. Tsono ine ndagwada.

Chimene anakulakwirani sanatiuze. Tamufunsa, masiku adutsa, sanayankhe. Ndi mwana wosalankhula chibadwire, koma sitinamumvepo kuti waba kapena wamenya munthu. Taona kuti mwamubweza kasanu ndi kamodzi pamaso pa anthu, ndipo wakugwirirani ntchito miyezi inayi osalandira kanthu. Ngati anaononga makina anu, nenani poyera kuti tidziwe kukula kwake. Ngati ndi mwano, n'zachilendo kwa ife, koma tipepesa ndithu.

Ndapatula mbuzi yaikazi ya mawanga, yobereka kawiri, yopanda chilema. Kuitumiza kumeneko sindingathe. Ngati muli ndi mbale wanu ku Lilongwe kapena ku Chipata, tiuzeni, tidzakaisiya m'manja mwake.

Pempho langa ndi limodzi. Mnyamatayu akufuna kukwatira, ndipo tsiku lokaonekera kwa makolo a mtsikana ndi pa 27 mwezi uno. Sindingapite naye ali womangika. Mukaona kuti chilango chakwana, lembani kuti mwamumasula, anthu amene anaona kudzudzulidwa kwake aonenso kumasulidwa kwake.

Kalatayi aika m'Chingerezi ndi mkamwini wathu Vitus. Mawu ena akapotoka, wolakwa ndi iyeyo.

Ine wanu wodzichepetsa,
Zakeyu

Mchinji Boma, 19 Julaye 2024

Pemphero,

Tili bwino, koma khala pansi usanawerenge.

Kalata yako ya pa 12 yandipeza lero Lachisanu. Minibasi ya Kefasi inafera pa Namitete tsiku lomwe unamupatsa, yakhala ku galaji mlungu wathunthu, kalata ili m'kabokosi ka kutsogolo. Wabwera nayo yamafuta, akuseka, ati pepani achemwali, injini ilibe ulemu. Ndikanamumenya nayo.

Malume anadikira mpaka Lamlungu. Ataona kuti suyankha anati kukhala chete n'kuvomera. Lolemba analemba kalata yopepesa kwa mayi uja, ndipo a Vitus anaimasulira n'kuitumiza pa Intaneti, pa keyala imene inali pamwamba pa mapepala aja. Ine ndimayesa ikupita kwa mayiyo yekha. Lero nditawerenga yako ndinawafunsa alamu ako bwinobwino, n'kupezeka kuti keyalayo ndi ya gulu lonse. Akuti iwo akanadziwa bwanji.

Ndaika m'envulopu muno kalata ya malume mmene anailembera m'Chichewa. Mbuzi ndi yeniyeni, anaimangirira payokha kuseri kwa khola, ndipo aletsa ana kuitchula dzina.

Ndakumva, mlongo wanga, ndipo ndakukhulupirira. Koma masiku awiri a ku yunivesite aja ukanandiuza kale. Mawa ndikwera kabaza kukawawerengera malume. Iwe tsegula makalata akowo, uone zimene takuchitira.

Filomena

Lilongwe, 21 Julaye 2024

Achemwali,

Ndalandira dzulo. Ndinawerenga ya malume ija, n'kuipinda, n'kutuluka panja. Ndinayenda wapansi mpaka kumsika, ndinagula tomato amene sindimamufuna, ndinabwerera. Kenako ndinatsegula.

Ilipodi. Ili pakati pa kalata ya munthu wina wokonza za makina a mafoni ndi ya wina wodandaula za liwiro. Alamu anaipatsa mutu wa zilembo zikuluzikulu. Anthu mazana amene ndakhala ndikuopa kuti angandione ngati mwana awerenga kuti ndine wosalankhula chibadwire ndipo ndikufuna kukwatira. Ndinaganiza zofufuta dzina langa n'kusowa. Koma makalata a kumeneko safufutika.

Anthu asanu ndi anayi anayankha. Mmodzi anaganiza kuti ndi akathyali ofuna kubera anthu, anapempha kuti keyala ya alamu itsekedwe. Wina anafunsa mtundu wa mbuzi. Bambo wina wa ku Zambia, amene sindimadziwa n'komwe kuti ali m'gululi, anawafotokozera onse kuti kalatayo si nthabwala, ndipo aliyense woseka aseke akudziwa kuti mkuluyo wapereka chinthu chachikulu. Atatero kuseka kunaleka.

Mayi aja anayankha Lachitatu. Ndamasulira mosawonjezera, mukawawerengere malume:

"Bambo Zakeyu, zikomo. Mphwanu sanandilakwire, ndipo palibe mlandu. Mbuzi sindingalandire, ndimakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanja. Ntchito yake ndimaibweza chifukwa ndikufuna ilowe. Anthu amene sindiyembekezera kanthu kwa iwo ndimawayankha kamodzi kokha. Koma sindingalembe kuti yatha, chifukwa sinathe. Muuzeni atumize, takhala tikumudikira milungu itatu."

Mzere womalizawo ndauwerenga kambirimbiri. Sindikudziwa ngati ndili ndi manyazi kapena chimwemwe. Ndikangopereka kalatayi pa depoti ndikukatumiza kachisanu ndi chiwiri, mtima usanasinthe.

Ndapatsira dalaivala wina, osati Kefasi.

Pemphero

Mchinji Boma, 23 Julaye 2024

Mlongo wanga,

Makalata onse awiri ndawawerengera malume, yako ija ndi ya mayiyo. Yako anaimva yonse, pa nkhani ya buku lakale anapukusa mutu. Ndinayesa zatheka. Koma nditafika poti mbuzi sangalandire, nkhope inasintha.

"Wokana mbuzi akufuna ng'ombe," anatero.

Ndinawauza za nyumba yosanja. Anati munthu wofuna kukhululuka sasowa pomangirira mbuzi. Kenako anandiuza ndibwereze pamene mayiyo akuti mlandu palibe, ndi pamene akuti sinathe. Ndinabwereza. Anandifunsa kuti ngati palibe, chimene sichinathecho n'chiyani. Ndinafotokoza mmene unafotokozera iwe, koma mawu ako m'kamwa mwanga anatuluka opanda mafupa.

Akuti Lachisanu atumiza uthenga ku Kamwendo woti tsiku lisunthe. Pemphero, tsikulo likasuntha silibweranso. Malume ake a Ivy, a Stefano, amva kale za pa boda, ndipo akuti ananena pamaliro ena kuti mwana wawo sangapite kwa munthu amene akufunidwa ndi azungu. Ivy sakudya bwino. Akuti kalata yako analandira, koma kalata si nkhoswe.

Tsono alamu ako ali ndi nzeru yawo. Akuti malume sakhulupirira mawu, amakhulupirira chidindo. Iwo angathe kukonza pepala looneka bwino, la dzina la mayiyo, lonena kuti ntchito yalandiridwa ndipo wamasulidwa. Akuti n'zosavuta, ndipo palibe amene apwetekedwe, popeza mlandu weniweni palibe. Ine sindinavomere, sindinakane. Ndaganiza usiku ndi usana, ndipo nthawi zina ndimaona ngati akunena zoona. Atsala masiku anayi.

Unene iwe.

Filomena

Lilongwe, 24 Julaye 2024

Okondedwa malume,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi mayi. Kalatayi ndailemba kamodzi kokha, ndipo sindiibwereza, kuopa kuti ndingachotsemo zofunika.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mbuzi. Ndinachita manyazi, sindikana. Koma palibe munthu wina amene anagwadapo chifukwa cha ine.

Chachiwiri, ndinalakwa pokuuzani kuti ku Kamwendo mukabise za ntchitoyi. Ndinatero chifukwa ndimaiona yochepa, ndipo ndimaopa kuti mukaidziwa mudzaionanso yochepa. Kubisako n'kumene kwabala zonsezi.

Chachitatu, Lamlungu ndinatumiza kachisanu ndi chiwiri. Yankho labwera m'mawa uno. Andibwezanso. Chatsala chinthu chimodzi: munthu akalemba kamawu ka makina a mtundu wina, uthenga wanga ukumuuza kuti kamawuko kulibe, pamene kalipo, kungoti si ka makina ake. Mayiwo akuti limenelo ndi bodza laling'ono, ndipo sangalilole. Kukonza kwake kunditengera milungu iwiri kapena itatu, chifukwa ndiyenera kuyesa pa makina osiyanasiyana. Pa 27 ntchitoyi idzakhala isanathe. Sindingakuuzeni tsiku limene idzathe, ndiponso sindingalonjeze kuti idzalandiridwa.

Mukaona pepala lina lililonse lonena kuti yalandiridwa, ngakhale likhale ndi chidindo, si langa ndipo si la mayiwo. Ndinaliganizira pepala loterolo kwa ola lathunthu, ndipo ndinalifuna. Ndikukuuzani kuti mudziwe mphwanu mmene alili.

Ivy ndimamufuna. Zimenezi sindinazinenepo kwa inu m'mawu, ndimayesa zimaoneka zokha. Ngati muona kuti simungapite, sindidzakudandaulani pamaso pa anthu. Koma musasunthe tsiku podikira kalata yondimasula, chifukwa sidzabwera. Palibe anandimanga. Ndimabwererako ndekha.

Ine mphwanu,
Pemphero

Mlonyeni, 28 Julaye 2024

Mphwanga Pemphero,

Tadzuka. Mwendo wa mayi ako wayamba kupepuka, akuti mankhwala aja uwonjezere.

Kalata yako inandipeza Lachinayi m'mawa. Masana ake kunabwera Vitus pa njinga yamoto, atavala tayi, ndi pepala m'chikwama. Linali lokongola, chidindo chofiirira pansi. Ndinaligwira, inki n'kundidetsa chala. Ndinamufunsa kuti inki ya ku Ulaya imatenga masiku angati kuti iume. Anayang'ana nkhuku. Nkhani yake ndi ine sinathe, koma ndi ya tsiku lina.

Lachisanu sindinatumize uthenga ku Kamwendo. Ndinaitanitsa Filomena ndi mapepala onse aja, ndi atsopano omwe. Ndinamuuza awerenge n'kumandimasulira kuyambira tsamba loyamba, asadumphe kanthu, chifukwa ndimafuna ndipeze ndekha pamene unalakwa. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Apo ndinadziwa kuti Vitus pomasulira paja ankangotola mawu okalipa. Pamene mayiyo akuti apa wakonza bwino, ankalumpha, ati sizinali zofunika.

Ndinatenga njere za chimanga, cholakwa chimodzi njere imodzi. Ulendo woyamba zinali khumi ndi imodzi. Wachiwiri zisanu ndi zitatu. Zinapita zikuchepa, ulendo wina zinakweranso, mpaka pa wachisanu ndi chiwiri panatsala njere imodzi. Ndinafufuza pamene unamuyankha mwano, sindinapeze. Ndinafufuza pamene unanamizira wina, sindinapeze.

Chaka china belo langa linabwezedwa ku okushoni, ati ndasakaniza masamba. Ndinatukwana njira yonse, ndipo sindinalisankhenso, ndinagulitsa kwa mavenda a pa boda. Ukanandiuza poyamba paja kuti ndi belo lobwezedwa, tikanasunga mapepala ambiri. Komabe wobweza belo amagula likakhala bwino. Uyu wako sagula. Pamenepo sindinamvetsebe, ndipo mayi ameneyo sindinamukhulupirire kwenikweni.

Dzulo ndinapita. A Stefano anatilandira ndi nkhope youma, moni wake wa m'mano. Tisanafike n'komwe pa nkhani anati amva kuti mnyamata wathu ali ndi milandu kunja. Anthu onse pakhonde anatchera khutu, ndi amayi omwe kuseri kwa nyumba analeka kusinja. Ndinawauza kuti:

"Za ku ofesi mukuzidziwa. Koma ali ndi ntchito inanso, yosalipidwa, yophunzitsa makina kuti munthu akalakwitsa azimuuza polakwika m'malo momusiya m'tchire. Amene amaiyang'anira wamubweza kasanu ndi kawiri pamaso pa anthu, ndipo kasanu ndi kawiri wapita kukakonza osatukwana. Mpaka lero sinathe. Ngati mukufuna mkamwini amene sanadzudzulidwepo, ife tilibe. Amene tili naye ndi ameneyu."

Nditamaliza, ndinayamba kuyang'ana pamene ndinaimika njinga. Kenako mlongo wa a Stefano, mayi ake a Ivy, analankhula ali m'nyumba, osatuluka. Anati iwo akhala pabanja zaka makumi atatu ndi munthu amene sanabwererepo kukakonza kanthu ngakhale kamodzi. Bambo ake a Ivy anali pomwepo. Anthu anaseka, iwo sanaseke. Ivy ataitanidwa n'kufunsidwa ngati akutidziwa, anati akutidziwa.

Atilandira. Chinkhoswe achiika pa 14 Sepitembala, ndipo Loweruka likubwerali ukufunika kuno, makinawo adikire.

Koma potiperekeza, a Stefano anandikokera pambali pa msewu. Akuti zonse amva, chatsala chimodzi: mayi wa ku Ulayayo ali pabanja? Ndinati ndikafunsa. Tsono potumiza kachisanu ndi chitatu, uikemo funso limenelo pansi pake. Usandiyankhe kuti kumeneko zotere safunsa. Kuno afunsa.

Ine malume ako,
Zakeyu